Amalume Anamwa Madzi Obatizira Mwana Wanga

Lachiwiri la sabata yatha amalume awo a bambo a Tadala anamwa madzi obatizira mwana wanga.

Simunawerenge molakwika ayi. Anamwa. Anatsegula firiji yanga monga amachitira alendo amene anasiya kalekale kudziona ngati alendo, dzanja lawo linalambalala mkaka, linalambalala juwisi, n'kukagwira botolo limodzi lokha m'nyumba monse limene silinali lakumwa. Anamwera mapiritsi awo a bipi. Ine potuluka kuchipinda ndi mwana kumsana ndinawapeza atatsamira sinki, akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Amake Tadala," anatero, "madzi awa mumagula sitolo iti? Koma ndiye akoma! Akumveka ngati akumudzi."

Anthu amati ndine wodekha. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ku Rockville, kuno ku America, ndipo munthu amene angathe kudyetsa nkhalamba phala ikulavula sapsa mtima msanga. Koma tsiku limenelo ndinangokhala pansi penipeni, m'khitchini momwemo, mwana ali kumsana.

Ndiyambe ndakufotokozerani za madziwo, mwina mungandimvetse.

Bambo a Tadala kwawo ndi ku Ntcheu, mudzi wa kuseri kwa phiri, kumene minibasi imakutsitsa n'kukuuza kuti kwatsalako udziwa wekha. Kumeneko kuli katchalitchi. Ndikati katchalitchi sindikunyoza. Ndi kakang'onodi. Njerwa zake n'zosawotcha, mipando yake ndi youmba ndi dothi, belu lake ndi limu la galimoto lopachika pamtengo. Abusa sakhala komweko. Amabwera pa njinga yamoto patapita miyezi, ndipo tsiku limenelo amabatiza ana, amamanga maukwati, amadyetsa mgonero, amamva nkhani za amene anagwa, zonsezi dzuwa lisanalowe chifukwa njinga yawo nyali inafa. Kuseri kwa katchalitchiko n'kumene kuli chitsime. Mwana aliyense wa banja limenelo anabatizidwa ndi madzi a chitsime chimenecho: apongozi anga, amuna anga, ngakhale Tadala wathu woyamba tisanakwere ndege.

Yankho, wachiwiriyu, ndiye anabadwira kuno ku Greenbelt, m'chigawo cha Maryland. Pofika sabata yathayi anali atamera mano awiri, ubatizo ayi.

Wina afunsa kuti bwanji osangopita naye kumudzi? Wofunsayo sakhala kuno. Mapepala athu akadali m'njira, ndipo njira yake ndi yaitali. Kutuluka m'dziko muno n'kosavuta, koma chitseko chake chimatsegukira mbali imodzi.

Apongozi anga anadandaula miyezi yambiri pafoni. "Mwana wamera mano asanalowe m'tchalitchi. Akadzayamba kuluma anthu mudzati walakwa ndani?" Kenako tsiku lina anangosintha mawu. "Chabwino, mwanayo sangabwere. Nanga madzi nawonso amafuna pasipoti?"

Umu ndi mmene botolo lija linayambira ulendo. Linakwera kabaza, linakwera minibasi, linagona ku Lilongwe, mpaka linafika m'manja mwa mayi Zulu, mnzathu wa ku Zambia amene anakwatiwa ndi Mmalawi ndipo amagwira ntchito ku banki ina yaikulu mutauni muno. Iwo analikulunga m'chitenje n'kulibisa pakati pa sutukesi. Pabwalo la ndege anawalanda matemba awo, madzi n'kudutsa. Pakamwa pa botololo apongozi anamangapo kansalu kong'amba ku chitenje chawo. Ine ndinaliika mufiriji, kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa kabichi. Bambo a Tadala anandiseka kuti kodi madzi amaola? Ndinati sindikudziwa, koma sindikufuna kudziwira pa amenewa.

Ubatizo unakonzedwa Lamulungu. Apongozi adzaonera pa vidiyo, atakhala m'katchalitchi komweko. Zonse zinali m'malo mwake.

Ndiye kunabwera amalume.

Amalume a Maseko ndi mlongo wawo wa apongozi anga, bere limodzi. Anabwera ku America ine ndisanabadwe. Ndi mkulu wa mpingo wathu wa kuno, ndiponso ndi wapampando wa komiti imene ikufuna kugwetsa katchalitchi kaja n'kumangapo tchalitchi chachikulu cha matailosi ndi magalasi amitundu. Chithunzi chake amayenda nacho mufoni. Tsiku limenelo anabwera kudzakonza dongosolo la mwambo. Anakonzadi.

Nditawauza chimene amwa, analinyamula botolo lija n'kuliyang'ana poliloza kuwindo. Pansi pake panatsala madzi ongokwana kunyowetsa chala.

"Nanga bwanji simunalembepo?"

"Amalume, botolo lomangidwa chitenje pakamwa. Madzi ake obiriwira. Tizinyalala tikuyandama."

"Ine ndimayesa ndi awa a masiku ano, othira masamba."

Analiika botolo pa tebulo pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti chisoni chawagwira. Kenako anagwira pamimba.

"Kodi anawiritsa?"

Ndinaimbira bambo a Tadala ali pa chiwongolero. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo yankho lawo linali la amuna onse a padziko lapansi.

"Thira a pampopi."

"Mwati bwanji?"

"Thira a pampopi, umangenso kansalu. Amayi pa vidiyo adzaona bwanji? Netiweki yakumudzi ngakhale nkhope ya munthu imaoneka ngati mbatata."

Tadala anali pamenepo, akujambula pa tebulo. Ana athu a kuno Chichewa amamva chonse, kuyankha kokha ndiye amayankha m'Chingerezi. Anadzutsa mutu n'kulengeza, m'Chingerezi chosalala, kuti iye akawauza agogo chifukwa kunama ndi tchimo. Bambo ake anati mwayi wake agogowo Chingerezi samva. Tadala anati aphunzira mawu ake, si ambiri.

Pofika madzulo nkhani inali itafika pa gulu la mpingo la pafoni. Sindinaitumize ndine. Amalume anaitumiza okha, popempha mapemphero a m'mimba.

Abale anga, ngati simunaonepo anthu ophunzira akulimbana ndi nkhani yopanda mutu, bwerani ku mpingo wathu.

Woyamba kulankhula anali mayi Zulu, m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Iwe! Ine nanyamula manzi yaja kuchoka ku Lilongwe, banipoka na kapenta yanga pa eyapoti, manje ba mudala bamwa chabe? Balavule!"

Mnyamata wina amene akuchita digiri yachiwiri anati tiganize mozama. Madzi sanatayike, angosintha chotengera. Choncho pa mwambo mwanayo anyamulidwe ndi amalume, ndiye kuti wakhudzana nawo. Mayi wina anafunsa ngati madziwo adzakhale akadali m'thupi pofika Lamulungu, poti amalumewo mapiritsi awo ndi aja othamangitsa munthu kuchimbudzi. Bambo wina, amene masana amawerengera chuma cha mayiko, analemba kuti amalume akwere masitepe kangapo m'mawa wa tsikulo, thukuta likatuluka tipukute ndi kansalu kaja n'kumukhudzitsa mwana pachipumi. Anthu anayi anaika chala chovomereza.

Abusa athu analowererapo mofatsa. Anati madzi ndi madzi, Buku silitchula chitsime. Zoona zimenezo. Koma abusa si amene amayankha foni ya apongozi anga.

Akuluakulu anati madzi akatayika sawoleka. Za omwedwa sananene kanthu.

Lachitatu ndinatsikira kuchipinda chochapira ndi mtanga wa zovala, mutu uli balala. Kumeneko ndinapeza Risten. Risten amakhala chipinda cha pamwamba pathu, ali ndi khanda la msinkhu wa Yankho, ndipo mwamuna wake amagwira ntchito ku malo aja ofufuza zakumwamba, kumene akuti amayang'ana madzi oundana a padziko kudzera m'makamera a mumlengalenga. Chingerezi changa ndi cha sitandade seveni, chake ndi chodumphadumpha, koma pakati pa makina ochapira timamvana bwino. Ine ndinkangoti ndi mzungu basi. Iye anandikonza kalekale kuti ndi Msami.

Asami ndi anthu a kumpoto kwenikweni kwa Ulaya, kumene nyengo ina dzuwa silituluka, nyengo ina sililowa. Tsiku limene anandiuza zimenezi ndinamufunsa kuti nanga tambala amalira nthawi yanji. Anati kwawo nkhuku sankaweta. Amaweta nyama zonga mphalapala, monga ife ng'ombe, kungoti zawozo sizikhala m'khola. Zimayenda kutsata msipu, anthu n'kumazitsatira pambuyo.

Ndinamufotokozera za amalume. Anaseka mpaka anakhala pa mtanga wanga wa zovala zoyera. Atapuma anati, "Ine anandibatiza ndi madzi a khofi."

Ndinati yamba bwino.

Anati kwawo nakonso kuli katchalitchi, kamatabwa, pa kaphiri pafupi ndi mtsinje, kumene msewu unafika posachedwapa. Sanamange ndi Asami. Anamanga ndi olamulira ochokera kummwera, amene ankafuna kuti anthuwo asiye kupembedza mwa makolo awo. Anawalanda ng'oma zawo, zina n'kuzitentha. Anawaletsa nyimbo zawo. Mbusa ankalalikira m'chilankhulo chimene anthu samva, wina n'kumamasulira. Pa nkhani ya ng'omayo sindinafunse kawiri. Ndimaidziwa, kungoti yathu inachitikira kotentha.

Koma olamulirawo anakumana ndi vuto. Tchalitchi chimaima malo amodzi, anthu ake sayima. Ungamangire bwanji nyumba ya mapemphero anthu amene mawa adzakhala atatsata ziweto kuseri kwa phiri lina? Ndiye anaika lamulo loti pa nyengo zakutizakuti aliyense azipezeka, wojomba alangidwe. Anthu anayamba kumabwera kawiri pachaka. Pozungulira katchalitchiko anamanga timisasa togona masiku amenewo okha. Mbusa naye ankachokera kutali, n'kugwira ntchito ya miyezi yonse nthawi imodzi: ana onse obadwa, maukwati onse, maliro onse.

"Maliro?" ndinafunsa. "Maliro amadikira?"

Anati inde. Munthu akamwalira kutali nyengo yopanda sinowo, madzi oundana aja ogwa ngati ufa, ankayamba amusunga komweko, sinowo ikagwa n'kumukoka pa chilei, ngolo yopanda matayala, kupita naye ku katchalitchi. Ine ndinaganiza za abusa athu a njinga yopanda nyali. Ife timadandaula kudikira ndi khanda. Anzathu ankadikira ndi agogo.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti chinthu chimene chinamangidwa kuti chiwaphwanye, anthu aja anachilowa pang'onopang'ono mpaka chinakhala chawo. Masiku a tchalitchi anasanduka masiku oonana ndi abale, ogulitsana zikopa, osuzumira mwana wa eni ake amene wakula bwino. Risten anati agogo ake ankanena kuti kalekale mwana akabatizidwa ndi mbusa, amayi achikulire ankakamusambitsanso kumsasa n'kumupatsa dzina la makolo. Ndinafunsa kuti ndiye ubatizo weniweni unali uti. Anakweza mapewa. "Mwana ankangolira kawiri."

Chaka china mtsinje unayamba kudya gombe. Anthu anaphwasula katchalitchi konse, thabwa ndi thabwa, n'kukakokera pamtunda pa zilei. Atamaliza kumanganso anapeza kuti thabwa limodzi latsala. Anazungulira, anayang'ana, palibe pamene pakusowa. Analisandutsa benchi. Mpaka lero, akuti, akuluakulu amakangana kuti linachokera khoma liti, ndipo palibe amene amatsamira khoma lakumpoto ndi mtima wonse.

Pambuyo pake kunamangidwa tchalitchi chachikulu kumsewu, cha magetsi ndi zotenthetsera. Anthu amapitako. Koma nyengo ija ikakwana amakwerabe kaphiri kukadzazana m'kakang'ono kaja, mawondo kugundana.

Ine mtima wanga unali pa chinthu chimodzi. "Chitsime chake chili mbali iti?"

Anandiyang'ana modabwa. Anati kulibe chitsime. Amatapa sinowo panja, kuthira m'ketulo, kuika pa mbaula ya m'tchalitchi momwemo. Ketuloyo ndi yomweyo imene amaphikira khofi mapemphero akatha. Tsiku la ubatizo wake mbusa anachedwa ndi mphepo, anthu anazizidwa, anatopa kudikira, anaphika khofi. Ali mkati momwa, mbusa uyo watulukira. Anangotsukuluza ketulo mothamanga, kuthiramo sinowo.

"Amayi anga amati ndinanunkha khofi sabata yonse. Akuti n'chifukwa chake mpaka lero sindigona msanga."

Risten akwera ndege nyengo yotentha ikubwerayi kukabatizitsa wake kumeneko. Pasipoti yake imatsegula zitseko mbali zonse. Sindinamuchitire nsanje. Chabwino, pang'ono.

Ndinamufunsa kuti akanakhala ine akanatani. Ndimayembekezera mawu anzeru a kumpoto.

"Thira a pampopi," anatero.

Naye!

Ndiye taonani. Mwamuna wanga, pampopi. Mnzanga, pampopi. Abusa, mwaulemu wawo, pampopi. Ndinaima kutsogolo kwa sinki botolo lili m'manja, ndipo sindinama, ndinatsegula mpopiwo. Madzi anatuluka oyera mbee, onunkha mankhwala. Chimene chinandiletsa si Tadala, ngakhale anali atayamba kale kufunsa kuti "wamwa" amatchula bwanji. Ndinaona apongozi anga. Bondo lawo lamanzere linatupa kalekale, amayenda ndi ndodo. Ndinawaona akutsetsereka ndi botolo, akung'amba chitenje chawo, akuchonderera wa kabaza kuti asaligwetse. Ndiye Lamulungu adzakhale pa mpando wadothi, pamaso pa amayi anzawo, kuimbira nthungululu madzi a boma la Maryland, ife tonse kuno tikudziwa, iwo okha ayi? Munthu wamkulu sumuchita chidole chotero.

Ndinatseka mpopi.

Lachinayi m'mawa, kumudzi kuli masana, ndinaimba foni.

"Amayi, ndine. Nkhani ya madzi aja."

"Anafika, unandiuza kale."

"Anafika, koma amwedwa."

"Amwedwa ndi ndani?"

"Ndi amalume."

"Malume wake uti? Maseko wanga yemweyu?"

"Omwewo."

Ndinangomva mbuzi ikulira chapatali, ndinamva wina akusinja. Ndinaganiza kuti mayunitsi atha, kapena mayi agwa.

"Onse?"

"Atsala a chala chimodzi."

Kenako kunamveka kaphokoso kamene ndinayesa chifuwa. Anali kuseka. Anaseka mpaka anatsokomola zenizeni, wina anachita kuwabweretsera madzi.

"Ameneyo chibadwire! Chilichonse chimene wapeza chovindikira, chake. Wati bwanji atamwa?"

"Ati akoma. Ati akumveka ngati akumudzi, a chitsime chenicheni."

"Wabodza. Chitsime chiti?"

"Chakuseri kwa tchalitchi."

"Mwana wanga, chitsime chija chinagumuka inu mutangopita kumene. Mvula inachikwirira. Panopa pamera nthochi."

Ndinakhalanso pansi, malo omwe aja.

"Nanga madzi munatumizawo?"

"A pa mjigo wa kusukulu."

"Amayi!"

"Usandikuwe, ndine mpongozi wako. Ndinatunga pa mjigo, inde, koma sindinawatumize choncho ngati a mumsewu. Ndinapita nawo m'tchalitchi. Ndinawakhazika pa mpando umene ankakhala malemu apongozi ako aamuna. Anagona pamenepo. M'mawa ndinabwera, ndinawaimbira nyimbo imodzi, ndinawauza dzina la mwana kuti asakasochere. Ndiye ndinamanga."

Ndinafunsa kuti nanga tizinyalala tija? Anati denga likudontha fumbi, ndipo chivindikiro anachisiya chotsegula dala, kuti madziwo amve.

"Bwanji simunatiuze za chitsime?"

"Mukanati ndisavutike, mjigo ndi mpopi n'chimodzimodzi. Mukanabatiza mwana ine osagwirapo kanthu. Ndinabatizitsa ana anga onse ndi manja awa. Ameneyu ndiye ndingomuonera pagalasi?"

Yankho anali akukoka ndolo yanga, ndinamuleka akoke.

"Otsalawo akwana," anapitiriza. "Mchere sathira wodzaza mphika. Uthiremo a pampopi wakowo. Koma Maseko umuuze mawu anga osachotsera. Wakhala akunditumizira zithunzi za matailosi, sanandifunsepo n'kamodzi komwe kuti mlongo, mukumwa kuti. Asanagwetse tchalitchi ayambe wakumba chitsime. Wamwa, abweze."

Ndinawauza amalume mawuwo osachotsera. Anati nkhaniyo aipititsa ku komiti.

Apa ndiye ndikufuna tilankhulane, anzanga a kuno. Ife timakonda kumudzi kolowa m'sutukesi. Aliyense wobwera timamutuma: ufa, matemba, chiponde, nyemba za kwathu zimene akuti zimakoma kuposa za kuno. Ndamvapo wina anaitanitsa dothi la pamanda. Tikalawa timatseka maso n'kuti eya, kumudzi kwenikweni. Amalume anamva kukoma kwa chitsime chimene panopa ndi munda wa nthochi. Musawaseke kwambiri. Ndi angati mwa ife amene tikumwabe m'zitsime zimene zinagumuka kalekale?

Ndipo tikafuna kubweza, timabweza zazikulu. Kakang'ono kamatichititsa manyazi. Timafuna tchalitchi choti tikachijambula anzathu a kuntchito aziti ee, kwanu kuli zinthu. Sindikukana, denga lodontha fumbi si ulemerero wa Mulungu, ndipo mpando wadothi umapweteka msana. Likonzedwe denga. Koma amene amakhala pa mipandoyo Lamulungu lililonse tinawafunsa? Anthu a kwa Risten anakoka katchalitchi kawo pa chilei kuti mtsinje usakadye, kamene poyamba sikanali n'kawo komwe. Ife kathu tinaumba tokha ndi manja, ndipo tikufuna kukagwetsa pa foni, tili ku Rockville.

Lamulungu abusa anapempha eni ake a tchalitchi chimene timabwereka kuti atilole m'mawa, kuti kumudzi kukhale kukadali kowala. Tinasonkhana m'chipinda chapansi. Kunja kunkazizira, ndipo Risten anati khanda salithira madzi ozizira ngati likulangidwa, choncho anabwera ndi ketulo yake yakuda imene anamupatsa amayi ake. Ndinaitsuka ndekha, ndinabwereza, ndinakwecha ndi waya. Ndinathiramo a pampopi, kenako ndinapendeketsa botolo lija mpaka dontho lomaliza, tizinyalala ndi tomwe.

Foni anagwira amalume. Chinali chilango chawo, ndipo mayi Zulu anaima pambali pawo kuonetsetsa kuti sakuyandikira beseni.

Pagalasi panaoneka katchalitchi. Apongozi anakhala kutsogolo, ndodo ili pamiyendo, amayi anzawo ali mbali zonse. Wina panja anamenya limu lija, ngwee, ngwee, mpaka linamveka m'chipinda chapansi cha ku Greenbelt. Bambo a Tadala, aja a pampopi aja, anayamba kufufuza kanthu m'maso.

Abusa anatapa madzi. Yankho anagwira magalasi awo. Abusawo anatchula dzina, madzi anatsika pachipumi, apongozi anatsegula pakamwa kuti aimbe nthungululu, ndipo netiweki inaima pomwepo. Nkhope yawo inauma pagalasi, kukamwa kuli yasa, opanda mawu. Tinadikira. Tinapemphera. Tinaimba nyimbo. Mlembi anaimirira n'kuyamba zolengeza, ndipo ali pakati pa nkhani ya malo oimika magalimoto, nthungululu ija inafika, yonse, yaitali, kuchokera ku Ntcheu.

Mlembi anangokhala pansi.

Popita kunyumba ndinanunkhiza mutu wa mwana wanga. Khofi. Mpaka lero ndamusambitsa kangapo, akadali khofi. Risten wati ndisayembekezere tulo zaka zikubwerazi.

Komiti ya matailosi ikumana mwezi wamawa, ndipo ndamva kuti nkhani ya chitsime aiika kumapeto, pa zina ndi zina. Inu amene mudzakhale pamenepo, musanakweze dzanja, kodi munaimba liti kwanu kufunsa kuti anthu akumwa kuti?

Botolo lija sindinataye. Ndalidzaza ndi a pampopi, ndamanganso kansalu ka apongozi, ndalibwezera kuseri kwa kabichi. Amalume akubwera Loweruka kudzatenga mbale zawo zimene anasiya tsiku la ubatizo. Ine sindidzanena kanthu. Ndikungofuna kumva ngati amenewanso adzakome ngati akumudzi.